Bwato la m'Bokosi Loyera

Bwato loyamba limene ndinalowetsa m'gemu linatulukira pamadzi lili m'bokosi loyera mbee. Ndinali nditalijambula madzulo atatu otsatizana, ndikutengera la amalume limene limakocheza kumunsi kwa mudzi wathu kuno ku Chisi: mphuno yokwera pang'ono, chigamba cha lata m'nthiti, nkhafi itagona m'kati. Pa laputopu linkaoneka bwinobwino. Nditatsegula gemu, ana amene anandiunjirira anangoti zii. Kenaka mphwanga wotsiriza anafunsa motsitsa mawu: "Achimwene, nanga bwatolo mwalikulungiranji m'pepala?"

Gemuyo ndi Luanti, imene mpaka 2024 inkadziwika kuti Minetest. Anaiyamba ndi Perttu Ahola wa ku Finland mu 2010. Ndi yaulere, imayenda pa foni ya Android, ndipo ukangoitsitsa kamodzi siifunanso netiweki, zimene kwa ife a pachilumba ndi nkhani yaikulu. Ubwino wake wina ngwakuti imalola munthu kuwonjezeramo zakezake. Zowonjezerazo amati mod: foda ya malangizo olembedwa m'chinenero cha kompyuta cha Lua, pamodzi ndi tizithunzi ting'onoting'ono, tambiri ta timadontho 16 m'litali ndi 16 m'lifupi. Kachithunzi kotere, koimira chinthu chimodzi m'gemu, ndiko kamatchedwa sprite. Chimene chinkandiwawa n'kuona ana a pa Nyanja ya Chilwa akuthyola maapozi ndi kuponda chipale chofewa pa foni, pamene matemba, makumba, milamba, njedza ndi zimbowera zimene amadzuka nazo tsiku ndi tsiku mulibemo. Ndinabwereka laputopu yakale kwa msuweni wanga wa ku Zomba, n'kuikamo GIMP, pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi, ndipo madzulo alionse batire ya sola ikadzaza ndinkakhala pansi.

Kujambula chinthu chenichenicho sikunandivute kwambiri. Chimene chandidyera miyezi ndi malo ozungulira chinthucho, pamene sipayenera kukhala kanthu. Zimene ndatolapo ndi izi.

1. Kuyera si kupanda kanthu

Papepala, pamene sunalembepo ndiye kuti palibe kanthu. Kompyuta siidziwa zimenezo. Kadontho kalikonse ka chithunzi kamasungidwa ndi manambala atatu, a kufiira, kubiriwira ndi buluu, ndipo nambala iliyonse imayambira 0 kulekezera 255. Kuyera ndi 255, 255, 255. Ndiye kuti mtundu umene ine ndinkauyesa wopanda kanthu ndi umene uli wodzaza kuposa yonse. Bokosi lija linali utoto umene ndinanyamulira limodzi ndi bwato osadziwa.

Pamafunika nambala yachinayi, dzina lake alpha, yonena kuchuluka kwa mmene kadonthoko kakutchingira zimene zili kumbuyo kwake. Ikakhala 255, ndi chitseko chotseka. Ikakhala 0, ndi khomo lapululu. Zapakatipo zili ngati neti yotchinga udzudzu: umaona, koma mwa chizimezime. Nzeruyi anabwera nayo ndi Ed Catmull ndi Alvy Ray Smith ku New York chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mpaka lero mafilimu ndi magemu akudyerabe pomwepo.

Mu GIMP, chithunzi chochokera ku kamera ya foni chimatseguka chopanda alpha. Umadziwira dzina la leya yake (leya ili ngati pepala limodzi mwa mapepala osanjikizana opanga chithunzi), limene limalembedwa ndi zilembo zonenepa. Ukatenga chofufutira pamenepo, sichifufuta, chimangopaka mtundu wa kumbuyo, ndipo iwe umaona ngati ntchito ikuyenda. Uyambe wapita pa Layer, kenaka Transparency, n'kusankha Add Alpha Channel. Ukafufutanso, pamatuluka timabokosi totuwa tonga bolodi la dirafuti. Timeneto ndi mmene pulogalamu imakuuzira kuti apa ndiye palibedi kanthu.

2. Kulemba "shuga" pa thumba la mchere

Zithunzi zambiri za pa foni zimasungidwa ngati JPEG, mtundu wa fayilo umene unakhazikitsidwa mu 1992 kuti zithunzi za anthu ndi malo zisamalemere. JPEG imadziwa manambala atatu aja basi, ya chinayi ilibe poiika. Ukasunga sprite mwa njira imeneyi, malo onse oonekera amadzazidwa ndi mtundu wina, kawirikawiri woyera kapena wakuda. PNG, imene inabwera mu 1996, ndiyo imasunga alpha yonse, masitepe 256. GIF imadziwa ziwiri zokha, kuoneka ndi kusaoneka. Ndaona anzanga ambiri akufufuta jpg kumapeto kwa dzina la fayilo n'kulembapo png, kuganiza kuti athana nazo. M'thumbamo mumakhalabe mchere.

Phunziroli ndinalipeza kunja kwa Luanti. Anyamata a timu ya mpira ya m'mudzi mwathu anandipempha kuti ndiwakonzere baji yoika mu Dream League Soccer, gemu imene achinyamata amavekamo matimu awo jezi za Bullets, Wanderers kapena Flames. Baji yake imafunika PNG ya 512 ndi 512. Ndinajambula mlamba utazinga mpira, n'kuchotsa zakumbuyo zonse bwinobwino. Ndinatumizira mnzanga amene anali ndi bandulo tsiku limenelo, kudzera pa pulogalamu yotumizirana mauthenga, ngati mmene timatumizirana zithunzi za ukwati. Kwa iye inafika ili m'bokosi lakuda bii. Mapulogalamu otere amafinya zithunzi kuti zisadye bandulo, ndipo pofinyapo amazisandutsa JPEG. Kuyambira pamenepo sprite iliyonse ndimaitumiza ngati dokyumenti, kapena m'fayilo ya zip, kapena pa Bluetooth ndi memore khadi. Kujambula sikirini nakonso n'chimodzimodzi: kumatenga zimene maso akuona, alpha n'kutsala.

JPEG ili ndi khalidwe linanso. Imagawa chithunzi m'timagawo ta timadontho 8 ndi 8, n'kutaya zimene ikuganiza kuti diso silingazindikire. Kuyera kozungulira nsomba kumasanduka 253 apa, 250 apo. Ukauza pulogalamu kuti ichotse zoyera, imachotsa zoyera zenizeni zokha, n'kusiya tinyenyeswa tomwazika ngati mamba a matemba pa thandala nsomba zitalongedwa.

3. Bolodi la dirafuti labodza

Pa intaneti pali zithunzi zambiri zolembedwa kuti n'zoonekera, koma timabokosi totuwa tija anachita kupentamo. Kuti uzigwire, tsegula chithunzicho, ika leya ya mtundu wowala pansi pake. Timabokosi tikapanda kuchoka, ndi penti, ndipo bandulo yako yapita. Ine ndinasiya kusaka. Zojambula za eni zimafuna chilolezo cha eni, komanso chimbowera chojambulidwa monga chilili, ndi denga lake lotsika pamwamba pa njedza zopindidwa, sindinachipezepo.

4. Vuto lalikulu limakhala m'mphepete

Aliyense amene anawolokapo kuchokera ku Kachulu amadziwa kuti Chilwa ilibe gombe lodulidwa ndi mpeni. Pali madzi, kenaka madzi a m'njedza, kenaka matope, kenaka dambo, ndipo sungaloze chala kuti nyanja yathera apa. Mphepete mwa chithunzi mulinso motero. Mapulogalamu ojambulira safuna kuti mzere uzioneka ngati mano a sowo, choncho amasakaniza mtundu wa chinthu ndi mtundu wa kumbuyo kwake pa timadontho ta m'malire. Amati anti-aliasing. Mlamba wakuda wojambulidwa pa pepala loyera umakhala ndi timadontho totuwa kuzungulira thupi lonse. Ukachotsa zoyera, totuwato timatsala, chifukwa si toyera. Pa bolodi la dirafuti lija sutiona, poti nalonso n'lotuwa. Koma ukauponya m'madzi a m'gemu, mlamba uja umatuluka utavala mkombero woyererako ngati ufa wotsalira m'mphepete mwa lichero. Ukajambula pa zakuda, mkomberowo umakhala wakuda. Chithunzi sichiiwala pamene chinabadwira.

Njira yabwino n'kusalola vutoli kuti liyambe. Potsegula chithunzi chatsopano, pa Fill with ndimasankha Transparency, kuti pasakhale mtundu wina woti usakanikirane ndi wanga. Ndimajambula ndi Pencil, osati Paintbrush, chifukwa Pencil imaika kadontho kathunthu kapena osaika konse. Pa chofufutira ndimachonga Hard edge. Pa zida zosankhira malo ndimazimitsa Antialiasing ndi Feather edges. Pamene mwatsalira timadontho toonekera mwatheka, Threshold Alpha imatikakamiza kusankha mbali, 0 kapena 255.

Koma Threshold Alpha siingathandize kadontho kotuwa kamene alpha yake ndi 255 kale. Kameneko n'kofuna dzanja. Ndimakulitsa chithunzi pa sikirini kufika 1600 peresenti, kadontho kalikonse n'kukhala ngati njere ya chimanga, ndiye ndimayenda m'mphepete monsemo kamodzikamodzi, kupaka kapena kufufuta. Poyamba ndinkaona ngati n'kutaya nthawi, mpaka tsiku lina ndinakhala pafupi ndi amalume akusoka ukonde. Sankafunsa kuti maso a ukondewo ndi angati. Ankangogwira diso limodzi, kumanga, n'kupita pa linzake. Sprite ya 16 ndi 16 ili ndi timadontho 256 tokha, ndipo ta m'mphepete sitifika ngakhale theka. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mapulogalamu a pa foni ochotsa okha bakigilaundi sindiwanyoza. Pa chithunzi cha mkwati ndi mkwatibwi kapena cha pa positala ya msonkhano amagwira ntchito yooneka. Koma amasiya mphepete mofewa, mwa timadontho toonekera mwatheka, ndipo pa kachithunzi kakang'ono chonchi mphepete mofewa ndi matenda amene tikuthawawo.

5. Kakowa

Chilwa inalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar, ndipo chachikulu chinali mbalame zake zam'madzi. Sindikanapanga nyanja yathu yopanda kakowa. Ndinamujambula pa zoyera, iye woyeranso, ndipo pofuna kufulumira ndinagwiritsa ntchito Color to Alpha. Chida chimenechi chimasuluza mtundu umene wachiuza paliponse pamene chaupeza, kunja ndi m'kati momwe. Kakowa wanga anatsala mlomo ndi miyendo, pachifuwa pake n'kumaonekera njedza za kumbuyo. Mimba ya makumba ndi kadontho kowala ka m'diso la mlamba zinapitanso momwemo.

Chidacho chili ndi malo ake. Utsi wa pa ng'anjo yowambira nsomba ndinaupanga ndi chomwecho, ndipo unatuluka wopepuka monga utsi uyenera kukhalira. Koma pa chinthu cha thupi, usankhe zakunja zokha ndi Fuzzy Select, imene imatsata malo olumikizana n'kuima pamene yakumana ndi mzere. Select by Color imatola mtunduwo chithunzi chonse. Uonetsetse kuti mzere wozungulira watsekeka, chifukwa pakangotseguka kadontho kamodzi, kusankhako kumalowerera m'kati ngati madzi pa bwato lobooka. Mpata wa pakati pa miyendo uwuchotse pawokha.

6. Pokulitsa kapena kuchepetsa sprite, pa Interpolation sankha None, ndipo uziyenda mowirikiza: 16, 32, 64. Njira zinazo zimasakaniza timadontho toyandikana, mkombero uja n'kubwereranso. Chithunzi cha pa kamera ukachichepetsa kufika 16 ndi 16 chimasanduka phala. Chiike pambali, uziyang'anapo, ujambule chako.

7. Zosaoneka zimakhala zili ndi mtundu

Ili linandizunguza mutu kuposa onse. Njedza zanga zinali zoyera bwino m'mphepete, ndinali nditayendamo kadontho ndi kadontho. Ukaima pafupi m'gemu zinkaoneka bwino. Ukapalasa bwato kupita kutali n'kucheuka, tsamba lililonse linali ndi kamzere koyererako.

Chinsinsi chake n'chakuti kadontho ka alpha 0 sikataya manambala ake atatu aja. Chofufutira cha GIMP chimangotsitsa alpha, mtundu umakhala uli pomwepo, n'chifukwa chake pali Anti erase yobwezeretsa zimene unafufuta. Chinthu chikakhala patali, gemu imafunika kuchepetsa chithunzi, ndipo ngati zosalaza zithunzi zili zoyatsa imaphatikiza timadontho toyandikana, tooneka ndi tosaoneka tomwe. Kuyera kobisika kuja kumadontherapo. Mankhwala ake n'kubisa mtundu woyenera: ndimapaka chithunzi chonse kubiriwira kwa njedza, maonekedwe a tsamba ndimawadula ndi layer mask, chophimba chosankha pamene paoneke ndi pamene pasaoneke, kenaka Apply Layer Mask, ndipo potulutsa PNG ndimachonga pamene alemba Save color values from transparent pixels. Chodonthera chikakhalapo, chimakhala chobiriwira, palibe amachiona.

Mu 1984 Thomas Porter ndi Tom Duff a ku Lucasfilm anafotokoza njira ina, yochulukitsiratu mtundu ndi alpha yake kuti kadontho kosaoneka kazikhala ziro paliponse. Amati premultiplied alpha, ndipo magemu ena amafuna zithunzi zotero. Ukasokoneza njira ziwirizi, mphepete mumada kapena kuwala popanda chifukwa chooneka. Ndimawerenga kaye malangizo a gemu ndisanagwire Pencil.

8. Pinki wakuthwa

Magemu akale ambiri sankadziwa alpha. Ankangogwirizana kuti mtundu umodzi usamaonetsedwe, ndipo wotchuka unali magenta, 255, 0, 255, poti ndi ochepa amajambula nawo. Gemu yotere imawerenga nambala, osati maonekedwe. Kadontho ka 254, 0, 255 diso silingakasiyanitse, koma kamatuluka pa sikirini kali psuu. Ine mtunduwu ndinaupezera ntchito ina. Ndisanatulutse sprite iliyonse, ndimaiyesa pa maleya atatu, yakuda, yoyera ndi ya magenta, chifukwa chobisala pa umodzi chimaonekera pa unzake. Ndimayesera m'nyumba kapena pansi pa mlambe, poti kuwala kwa dzuwa la kunyanja kumameza zolakwika zonse pa sikirini. Ndikatero ndimazimitsa maleya oyeserawo, kutulutsa PNG, n'kusunga fayilo ya GIMP, ya XCF, payokha ili ndi maleya ake onse. Omaliza kuyesa ndi ana, pa foni yotsika mtengo kuposa onse m'mudzi, usana ndi usiku wa m'gemu. Maso awo saphonya.

9. Nthawi zina chithunzi chilibe mlandu

Ukonde woyanika pa mitengo unandidyera masiku awiri. Maso ake onse ankatuluka otsekeka. Ndinafufuta, kutulutsanso, kufufutanso, fayilo imene inali yabwinobwino kuyambira pachiyambi. Chimene chinasowa ndi mzere umodzi m'malangizo a Lua. Luanti imafuna kuuzidwa chochita ndi alpha, pa mawu akuti use_texture_alpha, ndipo mayankho alipo atatu. Ukati opaque, siilabadira alpha, zonse zimatchinga. Ukati clip, kadontho ka alpha yosafika theka kamasowa, kopitirira theka kamaoneka kathunthu. Umenewu ndi wa ukonde, mono, njedza ndi masamba. Ukati blend, imatsata masitepe onse 256. Umenewu ngwokongola, koma umalemetsa foni, ndipo zoonekera zingapo zikasanjikizana nthawi zina chakumbuyo chimabwera kutsogolo. Ndimausungira zinthu zochepa zimene sizingatheke mwina.

Chimodzi mwa izo ndi madzi.

10. Madzi a Chilwa

Nditadziwa blend, ndinasangalala nayo kwambiri. Ndinapanga madzi abuluu, alpha 120, oti munthu ali m'bwato aziona makumba akusambira pansi. Ana anaomba m'manja. Madzulo ake ndinapita nayo foni kwa amalume, amene anali atangobwera kovuula miono. Anaiyang'ana nthawi yaitali, ataitalikitsa ndi maso.

"Mwanawe, iyi ndi nyanja ya ku Mangochi," anatero. "Chilwa siionetsa pansi."

Ankanena zoona, ndipo ine wobadwira pompano ndinayenera kudziwa. Nyanja yathu ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe ndi ina imangothiramo, pamodzi ndi dothi la kumtunda, ndipo madzi amachoka ndi dzuwa basi, n'chifukwa chake ali ndi kamchere. Ndi yosaya, moti mphepo ikangowomba imavundula matope a pansi, madzi n'kukhala a mbuu. Msodzi wa kuno saona nsomba ndi maso. Amaidziwira ku mphepo, ku mbalame, ku nyengo, ndi ku malo amene anasonyezedwa ali mwana. Madzi anga oonekera aja ankaphunzitsa ana usodzi wa nyanja ina.

Ndinabwerera pa laputopu. Buluu ndinamuchotsa, n'kusakaniza kutuwa ndi kofiirira pang'ono, ndikuyerekeza ndi madzi amene ndinatunga m'ndowa. Alpha ndinaikweza pang'onopang'ono: 180, amalume anapukusa mutu, 210, anati ikubwera, pa 230 anangoti, "Eya." Pamenepo mlamba umangooneka ngati mthunzi ukafika pamwamba penipeni, n'kusowanso.

Ndinkati tamaliza, koma anafunsa kuti, "Nanga pansi pa madziwo mwaikapo chiyani?" Panali mchenga wachikasu umene unabwera ndi gemu. Anati ayi. Iwo anaona nyanjayi itauma mu 1968 ali kamnyamata, anaionanso mu 1995 ali ndi banja, ndipo mu 2018 tonse tinaona mabwato atakhala pamatope. Pansi pake amapadziwa ngati chikhatho chawo: dothi lotuwa lakuderako, limene likauma limang'ambika zigawozigawo, ming'alu yolowa phazi la mwana. "Mujambule limenelo," anatero.

Ndinawauza kuti palibe adzalione, poti madzi tawatseka kale ndi alpha 230. Sanayankhe, anangopitiriza kumasula chingwe cha mono. Ndinalijambula usiku womwewo, timadontho 256, tonse alpha 255, ndikusamala kuti mng'alu wotulukira kumanja uzikalowera kumanzere kwa chidutswa chinzake, kuti likayalidwa pansi pa nyanja yonse lisaonetse misoko.

Patapita sabata, mphwanga uja anatchinga kachigawo ka nyanja ndi miyala m'gemu, akufuna kumanga nyumba pakati pa madzi. Atauma malowo, anaima osadina kanthu. Kenaka ananyamuka ndi foni m'manja, kuthamangira kumunsi kumene amalume ankamata bwato lawo, akufuula: "Amalume! Amalume! Tabwerani mudzaone, pansi pang'ambika!"